Maina a Atsogoleri a Mpingo ndi Matanthauzo Ao

Munthu wodziwa kuwerenga akayenda m'njira za ku Area 24 mu mzinda wa Lilongwe, kuyambira pa msika wa Ngwenya kulinga ku Area 23, ku Kawale ndi ku Biwi, sasowa chowerenga. Pa mipanda ya njerwa, pa mitengo ya magetsi, ndi pa makoma a sukulu zimene zisanduka nyumba zopemphereramo tsiku Lamulungu, pali zikwangwani ndi mapepala oitanira anthu ku mapemphero. Ndipo pansi pa chithunzi cha mwini msonkhano palembedwa dzina la udindo wache: uyu Bishopu, uyo Mtumwi, winayo Mneneri, ndi wina Bishopu Wamkulu. Ana athu amene anapita kukafuna nchito m'mzindamo abwera nao maina awa kumudzi pa nthawi ya maliro ndi ya maukwati. Tsono wolongosola mwambo wa maliro agwidwa njakata, osadziwa woyamba kumpatsa mpando ndani, mbusa wa pamudzi amene anabatiza malemuyo, kapena Bishopu wofika pa galimoto kuchokera ku tauni. Ndipo nkhalamba imene yasonkha chopereka chache mokhulupirika zaka 40 iyamba kukaika mumtima, kuti kapena mpingo wache ngwochepa, popeza ulibe munthu wa dzina lolemera lotere. Kukaika kumeneku kwachotsa anthu m'mipingo ya makolo ao, kwagawa mabanja pa tsiku la kupembedza, ndipo kwamasula mipango ya akazi amasiye m'mene anamangamo ndalama za feteleza. Chifukwa chache tayesa nkwabwino kuti tiunike mau amenewa, tione kumene anachokera ndi katundu amene anasenza pobwera.

Tiyambe ndi liu lakuti bishopu. Ambiri aliyesa la Chingerezi, koma Angerezi anangolilandira nalidula kumutu ndi kumchira. Kwao kwa liuli ndi ku Chihelene, chinenero chimene Chipangano Chatsopano chinalembedwamo, ndipo m'menemo liri episkopos, ndiko kunena munthu wopenya pamwamba pa zinthu, woyang'anira. Chikristu chisanafike, Ahelene anatchula nalo munthu woikidwa kuyang'anira nchito ya mzinda, monga kumanga nyumba kapena kusunga chuma. Aroma analitenga nati episcopus. Angerezi akale anati biscop, ndi ana ao ati bishop. Apwitikizi ati bispo, ndilo limene alimva abale athu a ku Tete ndi ku Angonia. Aarabu anati uskuf, ndi Aswahili nati askofu. Liu limodzi lomweli linalowa m'dziko lathu pa makomo atatu. Amisyoni a Universities' Mission, amene lero titi Aangilikani, anabwera nalo m'Chingerezi. Ndipo popeza likulu lao linakhala ku Zanzibar kuyambira 1864, aphunzitsi ao oyamba anafika ku Likoma ndi m'mbali mwa nyanja ali ndi askofu pakamwa. Ansembe a Chikatolika, amene mapemphero ao anali m'Chilatini, anatipatsa episkopi. Kotero anthu awiri akatsutsana pabwalo, wina nati episkopi aposa bishopu, wina nati iai, bishopu ndiye wamkulu, afanana ndi Mchewa ndi Mtumbuka olimbana kuti chokhutitsa nchiti, nsima kapena sima.

Pamene Dr. William Murray ndi anzache, Azungu ndi anthu a dziko lino, anatembenuza Buku Lopatulika, limene linaturuka lathunthu m'chaka cha 1922, sanalembe bishopu kapena episkopi m'makalata a Paulo, analemba woyang'anira. Anachita bwino, ndipo tiyesa kuti m'nchito yao yonse mulibe mau ambiri amene anawasankha mwanzeru koposa awa. Woyang'anira ndi liu la kumunda ndi la kukhola. Mwana wamng'ono alimva, pakuti amai ache anamuuzapo kuti ayang'anire ufa pamphasa, nkhuku zingadye. Liu ili silibvala chisoti. Linena nchito, ndipo likumbutsa kuti chinthu choyang'aniridwacho chiri ndi mwini wache wina, amene adzabwera madzulo kudzafunsa. Masiku amenewo panali liu lina lapafupi, lakuti kapitao, limene tinalandira kwa Apwitikizi; koma ali yense amene agogo ache analima thangata m'minda ya Azungu ku Thyolo ndi ku Chiradzulu adziwa pfungo la liu limenelo, ndipo tiyamika kuti sanalilembe m'malo mwa woyang'anira.

Tikatsegula Machitidwe a Atumwi mutu 20, tipeza Paulo ali ku Mileto, naitana akulu a mpingo wa ku Efeso. Ndipo polankhula nao, anthu omwewo awatcha oyang'anira, nawauza kuti nchito yao ndiyo kuweta. Mkulu, woyang'anira ndi woweta agwera pa anthu amodzimodzi m'mutu umodzi. Chomwecho m'kalata wa kwa Tito mutu 1 ayamba kunena za akulu natsiriza ndi woyang'anira, osasintha nkhani. Ku Filipi, mudzi umodzi, kunali oyang'anira angapo. Ndipo pamene Paulo alembera Timoteo za makhalidwe a woyang'anira, satchula chobvala kapena mpando. Afunsa za kunyumba kwache, ngati ali ndi mkazi mmodzi, ngati ana ache amumvera, ngati saledzera, sachita ndeu, sakonda ndalama, alandira alendo, ndiponso ngati akunja omwe amchitira umboni wabwino. Aonjeza kuti asakhale wotembenuka dzulo. Awa ndi mafunso amene mai wogulitsa matimati pa Ngwenya akhoza kuyankha za mnansi wache koposa komiti iri yonse.

Tisanamize owerenga kuti zinakhala chomwecho nthawi yaitali. Atumwi atangotha kumwalira, Ignatius wa ku Antiokeya, amene anaphedwa ku Roma m'masiku a mfumu Trajan, analemba makalata m'mene asiyanitsa maudindo atatu: woyang'anira mmodzi pa mzinda, akulu omzinga, ndi atumiki. Mpingo unali pakati pa mazunzo ndi ziphunzitso zosokeretsa, ndipo anthu anafuna munthu mmodzi wodziwika amene mau ache akhale mau a onse. Makonzedwe awa anafalikira ponse ponse, kotero kuti pa msonkhano waukulu wa ku Nicaea m'chaka cha 325 anapangana kuti munthu asaikidwe ubishopu popanda mabishopu ena atatu osanjika manja pa iye, ndi ena a m'chigawocho atabvomereza. Koma Jerome, wotembenuza Buku m'Chilatini, amene anamwalira m'chaka cha 420, anakumbutsa anzache kuti pachiyambi mkulu ndi bishopu anali munthu mmodzi, ndi kuti kukwezeka kwa bishopu kunadza ndi mwambo wa mpingo. Pa mau awiri awa, a Ignatius ndi a Jerome, mipingo yaima mosiyana kufikira lero, ndipo sitiyesa kuti tidzaweruza mlanduwo m'masamba ano. Chimodzi chokha tinena molimba mtima: onse awiriwo akadadabwa kumva za bishopu wodziika yekha.

Bishopu woyamba kuponda dziko lino anali Charles Mackenzie. Anamsanjika manja ku Cape Town pa 1 January 1861, nafika ku Magomero chaka chomwecho pamodzi ndi David Livingstone. Analibe chalichi, analibe nyumba ya njerwa, nkhosa zache zinali anthu omasulidwa m'magoli a ukapolo. Ndipo pa 31 January 1862 anafa ndi malungo kumene Ruo athira m'Shire, atakhala pa udindo miyezi 13 yokha. Chauncy Maples anadzozedwa m'chaka cha 1895, namira m'nyanja chaka chomwecho asanafike ku Likoma. Kwa Akatolika, Joseph Dupont, amene Abemba anamutcha Moto Moto, anaikidwa episkopi woyang'anira dera la Nyasa m'chaka cha 1897. Iye ndi om'tsatira anagwira derali m'dzina la Papa monga dziko la misyoni, kufikira 1959, pamene madayosizi enieni anakhazikitsidwa, ndi Blantyre nakhala likulu lao. Mwana wa dziko lino woyamba kulandira uepiskopi anali Cornelius Chitsulo wa ku Mua, wosankhidwa m'chaka cha 1956 kuyang'anira Dedza. Kwa Aangilikani anali Josiah Mtekateka wa ku Likoma, m'chaka cha 1965, zitapita zaka 104 chifikire Mackenzie. Owerenga asunge chiwerengero chimenechi, pakuti tidzachifunanso.

M'mipingo iwiri iyi liuli liri ndi malire odziwika. Bishopu ali ndi dera lache, lotchedwa dayosizi, ndipo sayenera kulima m'munda wa mnzache. Ali ndi mpando, ndi chalichi chimene muli mpandowo ndicho Cathedral, pakuti kathedra m'Chihelene ndi mpando basi. Chomwecho chalichi cha ku Maula, kapena cha St Peter ku Likoma, sichinalandire dzinali chifukwa cha kutalika kwa makoma. Sadzisankha yekha, ndipo ndiye adzoza ansembe ndi kuwatuma. Ndodo yokhota imene anyamula ndi ndodo ya mbusa wa nkhosa. Episkopi wa Chikatolika akakwana zaka 75 ayenera kulembera Papa kalata wopempha kupuma. Nanga arkiepiskopi, amene ena ati episkopi wamkulu? Arki ndiko kunena woyamba. Lilongwe anakwezedwa kukhala arkidayosizi m'chaka cha 2011, Rémi Sainte-Marie ali pa mpando. Anamtsata Tarcisius Ziyaye kuyambira 2013 kufikira imfa yache m'chaka cha 2020, ndipo George Tambala anasankhidwa m'chaka cha 2021. Ambiri ayesa kuti arkiepiskopi ndi bwana wa anzache, wokhoza kuwalemba nchito ndi kuwachotsa. Si chomwecho. Episkopi wa ku Dedza, wa ku Mzuzu ndi wa ku Karonga ayankha kwa Papa; wa ku Lilongwe ali ngati mwana woyamba kubadwa pakati pa abale ache, woyamba kukhala pansi ndi woyamba kulankhula, koma nkhokwe za abalewo sazitsegula.

Za kadinala tinene pang'ono. Liuli lichokera ku cardo, chitsulo chimene chitseko chitembenukirapo. Ukadinala si kudzozedwa kwina koposa uepiskopi. Ndi udindo wa kulangiza Papa, ndi wa kusankha Papa watsopano kwa iwo osakwana zaka 80. Mnansi wathu Medardo Mazombwe, amene anayang'anira Chipata napita ku Lusaka, anaulandira m'chaka cha 2010, namwalira m'chaka cha 2013. Kufikira chaka cha 2024 Mmalawi anali asanaulandirepo. Papa ndi liu la mwana wa Chihelene poitana atate ache, ndipo udindo weniweni wa Papa ndiwo episkopi wa ku Roma. Monsignor ndi dzina la ulemu lopatsidwa kwa ansembe ena, osati udindo wa bishopu.

Owerenga athu ambiri ali a mipingo imene ilibe bishopu, ndipo ena ayesa kuti uku nkusauka kapena kuiwala. Iai, ndi dala, ndipo kunagulidwa ndi mwazi. Ku Scotland mafumu anafuna kulamulira mpingo mwa mabishopu oikidwa ndi iwo eni; Akristu a kumeneko anakana, ndipo msonkhano wa ku Glasgow wa 1638 unachotsa mabishopu onse. Panatsata nkhondo ndi mazunzo, kufikira 1690, pamene lamulo la dziko linabvomereza kuti mpingo uweruzidwe ndi akulu. Amisyoni amene anayamba Livingstonia m'chaka cha 1875 ndi Blantyre m'chaka cha 1876 anali zidzukulu za anthu amenewo. Ndi a Dutch Reformed, amene anafika ku Mvera m'chaka cha 1889, anali a makonzedwe omwewo ochokera kwa John Calvin. Pamene anapanga C.C.A.P. m'chaka cha 1924, ndi Nkhoma nalowamo m'chaka cha 1926, chilembo chotsiriza cha dzinalo chinaimira presbyteros, ndilo mkulu m'Chihelene. Ulamuliro umene kwina uli m'manja mwa bishopu, kuno uli m'mabwalo: bwalo la akulu pa mpingo, presbiterio, ndi sinodi. Mkhalapampando wa sinodi asankhidwa kwa nyengo, nyengoyo ikatha abwerera ku mpingo wache nakhala mbusa monga anzache. Mlembi wamkulu, monga dzina linena, ndi wolemba ndi wochita zimene msonkhano wapangana. Makonzedwe awa sali achilendo kwa Mchewa, amene adziwa kuti mfumu yabwino siweruza mlandu isanamve nduna. Koma pano pali msampha wache. Dzina lodzichepetsa likhoza kuphimba dzanja lolemera. Mlembi amene agwira chidindo, galimoto ndi mndandanda wa kusamutsa abusa, akapanda kuopa msonkhano umene unamuika, asanduka bishopu woposa mabishopu, ndipo kumdzudzula kwache nkobvuta, popeza pa pepala iye ndi mlembi chabe.

Mwa mau onsewa, lathu-lathu ndi lakuti mbusa, ndipo tilikonda koposa. Kumudzi mbusa ndi kamnyamata ka mbuzi kapena ng'ombe, kamene kadzuka mame asanaume, kabvumbwa ndi mvula, kakwapulidwa mbuzi zikalowa m'munda wa eni, kalawirira kudambo ndi chimanga chokazinga m'thumba. Ndipo ziwetozo sizache, nza atate ache kapena atsibweni ache. Sitinamvepo munthu wamkulu akulimbira dzina limenelo pabwalo. Linakwera chifukwa cha anthu amene analisenza, monga Harry Kambwiri Matecheta ndi Stephen Kundecha, a misyoni ya Blantyre, odzozedwa m'chaka cha 1911, ndi Andreya Namkumba, woyamba wa ku Nkhoma, m'chaka cha 1925, amene anayenda pansi mitunda yaitali kukafika ku midzi ya nkhosa zao. Lero ulemu waliphimba kotero kuti mwana wobadwira ku Chinsapo adziwa abusa a kolala yoyera okha, ndipo akamva kuti agogo ache anali mbusa ali mwana, ayesa kuti analalikira. Palinso mau akuti mai busa, amene kale ananena mkazi wa mbusa. Tsopano popeza masinodi ena adzoza akazi, mau amenewa anena anthu awiri osiyana, ndipo mlendo ayenera kufunsa kawiri. Chinenero chathu chomwe chiri ndi maganizo ache pa nkhani iyi, kwa iye wochimvetsera. Pochurukitsa titi abusa, akulu, atumiki, ansembe, monga titi anthu. Koma titi mabishopu, maepiskopi, makadinala, monga titi mafumu.

Apa tafika pa liu lobvuta, lakuti Ambuye. Akatolika atchula nalo episkopi wao, nati Ambuye akutiakuti, ndipo wailesi yazoloweretsa dziko lonse kutero. Akristu a mipingo ina akamva ichi achita tsemwe, nati dzina la Yesu lapatsidwa kwa munthu. Tiyenera kuweruza moona. Liu lakuti mbuye linalipo m'dziko muno Uthenga usanafike: kapolo anatchula nalo mwini wache, ndipo m'midzi yambiri mdzukulu atchula nalo agogo ache kufikira lero, popanda munthu kuyesa kuti achita mwano. Lifanananso ndi Monseigneur, m'mene ansembe a Chifalansa anatchulira episkopi wao. Mkatolika wa ku Don Bosco ku Area 23 ponena Ambuye kwa episkopi sasokoneza munthu ndi Mpulumutsi, monga mwana wotchula wansembe kuti bambo saiwala wombala. Chomwechonso bambo mfumu, dzina la wansembe woyang'anira parishi, silimpatsa malo kapena msonkho wa nyakwawa. Komabe ife tiyesa kuti liuli lalemera kwambiri kuti munthu wa thupi alisenze tsiku ndi tsiku. Zaka zoposa 100 za nyimbo ndi mapemphero zalipatula m'makutu a anthu, ndipo liu limene tigwada nalo usiku silikhala bwino pa kalata woitanira ku phwando. Pa Mateyu mutu 23 pali chenjezo kwa okonda mipando ya kutsogolo ndi maina a ulemu m'misika, ndipo chenjezo limenelo silisankha mpingo. Ligwera wotchedwa Ambuye, wotchedwa Bambo, ndi wotchedwa Abusa wokwiya akam'tchula dzina lache lokha.

Tibwerere tsono ku zikwangwani za ku Area 24. Nchapafupi kuseka bishopu wa mpingo wa anthu 30 osonkhana m'kalasi ya sukulu, koma kuseka sikulongosola kanthu. Poyamba, si bishopu ali yense wa kunja kwa Chikatolika ndi Chiangilikani amene ali wodziika. Mpingo wa African Methodist Episcopal uli nao mabishopu osankhidwa ndi msonkhano kuyambira 1816, pamene Richard Allen, wobadwira mu ukapolo, anaikidwa ku Philadelphia, anthu akuda atatopa ndi kunyozedwa m'machalichi a Azungu. Ndipo Hanock Msokera Phiri wa ku Kasungu anaubweretsa kuno m'chaka cha 1924. Mipingo yambiri ya Chipentekoste irinso ndi malamulo olembedwa a kusankha ndi kuchotsa atsogoleri ao. Chachiwiri, njala ya maina iri ndi muzu wache. Kumbukirani zaka 104 zija. Kumbukiraninso kuti Livingstonia anayamba m'chaka cha 1875, koma anadzoza abusa akuda oyamba m'chaka cha 1914, ndi kuti mmodzi wa iwo, Yesaya Zerenji Mwasi, anaturuka m'chaka cha 1933 nayamba mpingo wa anthu akuda. Mtundu umene unauzidwa nthawi yaitali kuti sunakhwime, ukapeza ufulu uthamangira dzina lomwelo limene anaumana. Ndipo m'tauni, m'mene munthu alibe mfumu, alibe nkhoswe, alibe munda, nagona m'nyumba ya lendi, dzina ndilo chuma chokha chimene achipeza popanda ndalama.

Tikatha kunena izi zonse, mlandu ukhalabe. Liu lakuti woyang'anira lifuna mayankho, ndipo mkristu wa kumudzi ali nao ufulu wa kufunsa mwaulemu. Anasankha munthuyu ndani? Anamsanjika manja ndani, ndipo iwowo anaikidwa ndi yani? Ayang'anira abusa angati, ndi mipingo ya kuti? Akachimwa, bwalo lomuitana liri kuti? Buku la chopereka alisunga ndani, ndipo liwerengedwa pamaso pa mpingo kangati pa chaka? Puloti imene Akristu agula ndi kusonkha kwao yalembedwa m'dzina la yani? Funso lotsirizali ndilo limene anthu aliiwala, nalikumbuka mwini dzina atagona m'manda, pamene chalichi, mabenchi ndi zokuzira mau ziwerengedwa pamodzi ndi chuma cha masiye, ndi ana nayamba kugawana. Kumene mafunso awa ayankhidwa msanga ndi mokondwa, dzinalo liri ndi mwini, ngakhale mpingo ukhale wa denga la udzu. Kumene wofunsayo auzidwa kuti akhudza wodzozedwa wa Mulungu, pamenepo pali woyang'anira wosayang'aniridwa, chinthu chimene Ignatius, Jerome, Calvin ndi Richard Allen, osiyana m'zambiri, sanachilole mmodzi yense.

Dziko lino linaona tsiku limene liu lakuti episkopi linalemera. Pa 8 March 1992 kalata wa maepiskopi a Chikatolika anawerengedwa m'machalichi ao onse, wonena poyera za umphawi, za malipiro, za kumanga anthu popanda mlandu ndi za kutsekedwa pakamwa kwa mtundu wonse. Olembawo anaitanidwa ndi apolisi, anaopsedwa ndi imfa, nyumba yosindikizira mabuku ya ku Balaka inatenthedwa, ndipo Monsignor John Roche, woyang'anira Mzuzu, amene sanali episkopi koma anasaina pamodzi nao, anapitikitsidwa m'dziko. Chaka chotsatira, pa 14 June 1993, anthu anaponya voti nasankha zipani zambiri. Kale lomwe Patrick Kalilombe, episkopi wa Lilongwe kuyambira 1972, amene anakhazikitsa miphakati kuti Akristu wamba asenze mpingo ndi manja ao, anakangana ndi boma la nthawiyo chifukwa cha nchito yomweyo, natula udindo m'chaka cha 1979, nakhala zaka zambiri kunja kwa dziko. Akale anati mutu ukakula sulewa nkhonya. Wofuna dzina la anthu amenewa adzifunse ngati afunanso nkhonyazo.

Za mtumwi ndi mneneri sitichurutsa mau, pakuti Chichewa chawalongosola chokha. Mtumwi ndi wotumidwa, monga apostolos m'Chihelene. Ndipo kumudzi mthenga akafika pabwalo, funso loyamba ndilo lakuti wakutuma ndani, lachiwiri ndilo lakuti wakutuma kuti. Atumwi a m'Buku anapita kumene kunalibe mpingo; wotumidwa kukakokolola nkhosa za m'khola la mnansi afunika dzina lina. Mneneri ndi wonenera wina, ndipo aneneri akale ananenera mafumu zowawa koposa zokoma. Chatsopano chimene chatidabwitsa ndi kumva anyamata ndi amai a m'tauni atchula mtsogoleri wao Papa kapena Dadi, ena a iwo ochokera m'mabanja amene kale ananyoza Akatolika chifukwa cha liu lomwelo.

Kwa olongosola mwambo wa maliro ndi alembi a mipingo ya kumudzi tipereka uphungu uwu. Munthu atchulidwe ndi dzina limene mpingo wache wampatsa, pakuti kum'mana ndi chipongwe chosapindula; koma dzinalo litchulidwe pamodzi ndi mpingo ndi malo ache, monga a Bishopu akutiakuti a mpingo wakuti wa ku Area 24, kapena a Episkopi a dayosizi ya Dedza, kuti omva adziwe kukula kwa munda umene ayang'anira. Maudindo a mipingo yosiyana asaikidwe pa makwerero amodzi, ngati kuti bishopu wa mpingo uwu aposa mbusa wa mpingo uwo. Bishopu ali bishopu kwa anthu ache okha, monga gulupu wa kwa Tsabango sagawa malo kwa Kalumbu. Mwambo wa maliro ngwa mpingo umene malemu anali kudyako mgonero, ndipo autsogolera mbusa wache, kapena mkulu wa mpingo ngati mbusa palibe. Mlendo wa dzina lalikulu alandiridwe, apatsidwe mpando wabwino pa mthunzi, ndipo eni maliro akafuna, ampatse nthawi ya kupepesa anamfedwa mwambo wa mpingo usanayambe.